MUSAGULITSE MBUZI MUSANAFUNSE: MABUKU OYENERA MWANA WOFUNA UDOKOTALA WA ZIWETO

Tsiku lina, zotsatira za mayeso a Giredi 12 zitangoturuka, kunyumba kwathu kuno ku Chinyunyu kunafika mayi wina pamodzi ndi mwana wake wamkazi. Titapatsana moni, mayiyo anamasula citenje naturutsa buku lalikulu, lolemera ngati njerwa ziwiri. Iwo anati: "A Katekisiti, inu munapitako patali ndi sukulu. Tationerani ngati tagula coyenera. Mwana wanuyu afuna kukaphunzira udokotala wa ziweto, tsono tagulitsa mbuzi ziwiri kuti ayambiretu kuwerenga."

Titatsegula bukulo, mtima wathu unawawa. Linali buku labwino ndithu, la mapepala osalala ndi zithunzi zokongola, koma linali lonena za kacitidwe ka opareshoni pa agalu ndi amphaka. Linalembedwera madokotala amene anatsiriza kale maphunziro ao ndipo ali ndi zipatala zao kumaiko a kutsidya kwa nyanja. Wogulitsa wina m'mbali mwa msewu ku Lusaka anawauza kuti mwana aliyense wofuna za ziweto sangapite patsogolo popanda bukulo. Mtsikanayo anali atayesa kuliwerenga kwa masabata atatu, ndipo anatiuza mwamanyazi kuti wayamba kuganiza kuti mwina mutu wake ndi wouma.

Mutu wa mwanayo sunali wouma. Anangopatsidwa buku la kumapeto kwa ulendo pamene iye anali asananyamuke. Talemba nkhani ino cifukwa tikudziwa kuti makolo ambiri a m'boma lino la Rufunsa ndi madera ena ali ndi mtima wonga wa mayi uja, wofuna kuthandiza mwana ngakhale m'khola mutsale mbuzi imodzi. Mtima umenewo ndi wabwino, koma akulu anati safunsa anadya phula. Mabuku a maphunziro amenewa ali ndi ndondomeko yake, ndipo ambiri mwa amene mwana afunika kuwerenga asanalowe sukulu safuna kuti mugulitse ciweto.

DZIWANI NJIRA MUSANAGULE KAMBA

Msewu wa Great East umene udutsa pafupi ndi akasupe a madzi otentha kuno ku Chinyunyu ndi womwewo umene udutsa pacipata ca University of Zambia, makilomita ngati 80 kucokera kuno. M'kati mwa yunivesiti imeneyo muli sukulu ya madokotala a ziweto yochedwa Samora Machel School of Veterinary Medicine. Sukuluyi inayamba m'caka ca 1983, nyumba zake zinamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, ndipo inapatsidwa dzina la mtsogoleri wa Mozambique amene anafa pa ngozi ya ndege pa 19 Okutobala 1986.

Maphunziro a digiri ya udokotala wa ziweto amatenga zaka 6. Cimene makolo ambiri sadziwa ndi cakuti m'caka coyamba mwana sagwira ng'ombe kapena jekeseni. Caka conseco cimathera pa bayoloji, kemisitiri, fizikisi ndi masamu, ndipo zotsatira za caka cimeneco ndizo zimatsegula kapena kutseka khomo lopitira patsogolo. Akadutsa pamenepo ndi pamene ayamba kuphunzira kapangidwe ka thupi la nyama yamoyo wabwino ndi mmene ziwalo zake zigwirira nchito. Pambuyo pake aphunzira za tizirombo, njoka za m'mimba, nkhupakupa, mankhwala ndiponso mmene matenda aonongera thupi. Kuciza ziweto zodwala, kubereketsa ndi kucita opareshoni zimabwera m'zaka zotsiriza.

Motero buku la mayi uja, ngakhale likanakhala loyenera dziko lino, mwanayo akanalifuna patapita zaka zinayi kapena zisanu. Pofika nthawi imeneyo likanakhala litadyedwa ndi ciswe, kapena aphunzitsi ake akanamuuza kuti agwiritse nchito lina.

BUKU LOYAMBA NDI LIMENE ALI NALO KALE

Kwa mwana amene akali ku sekondale, buku lofunika kuposa onse ndi la silabasi ya mayeso ake, pamodzi ndi mapepala a mayeso a zaka zapita a bungwe la Examinations Council of Zambia. Malo ku yunivesiti ndi ocepa ndipo opikisana ndi ambiri, conco palibe buku la ziweto limene lingalowe m'malo mwa kukhoza bwino Cingerezi, masamu ndi sayansi. Makolo adziwenso kuti kuyambira m'caka ca 2025 Boma linayamba kulowetsa silabasi yatsopano, kuyambira Fomu 1. Buku limene mkulu wake anawerenga lingakhale losagwirizana ndi zimene mng'ono wake adzafunsidwa. Musanagule, pitani kwa mphunzitsi wa phunzirolo mumufunse.

Kwa amene watsiriza Giredi 12 ndipo akudikira kuitanidwa, miyezi yodikirayo isathere pa kugulitsa tomato pamsewu cabe. Iyi ndiyo nthawi yobwereza kemisitiri ndi masamu, cifukwa maphunziro awiriwa ndiwo amagwetsa ana ambiri ocokera kusukulu za kumidzi, kumene zipangizo zoyesera sayansi zimasowa. Mwana wokonda ziweto kawirikawiri amakonda bayoloji ndi kuthawa kemisitiri. Koma dokotala wa ziweto tsiku ndi tsiku amawerengera muyeso wa mankhwala molingana ndi kulemera kwa ciweto, ndiponso kuculuka kwa madzi osungunulira mankhwala a dibi. Akalakwitsa masamu amenewo, ng'ombe ifa kapena nkhupakupa sizifa.

Buku lothandiza pa nthawi imeneyi ndi la mlingo wa A Level. Pa bayoloji, buku lochedwa Biological Science lolembedwa ndi Taylor, Green ndi Stout lathandiza ophunzira ambiri, ndipo limapezeka mwa ogulitsa mabuku ogwiritsidwa kale nchito. Kulinso mabuku a OpenStax, ocokera ku Rice University ya ku America, a bayoloji, kemisitiri ndi fizikisi a mlingo wa caka coyamba ca yunivesiti. Amenewa ndi aulere, ndipo eni ake analola kuti aliyense awatenge pa intaneti. Mwana atha kupita kumene netiweki igwira bwino, kuwaika m'foni kamodzi, ndi kumawerenga kumudzi popanda kugulanso mabando.

MABUKU AKULUAKULU ADIKIRE MNDANDANDA WA APHUNZITSI

Alipo mabuku amene maina ao amveka m'sukulu za madokotala a ziweto pa dziko lonse. Pa kapangidwe ka thupi pali buku la Dyce, Sack ndi Wensing lochedwa Textbook of Veterinary Anatomy. Pa kagwiridwe ka nchito ka ziwalo pali la Cunningham. Pa matenda a ng'ombe, mbuzi, nkhosa, nkhumba ndi akavalo pali buku lalikulu lochedwa Veterinary Medicine, limene Blood ndi Henderson analiyamba m'caka ca 1960 ndipo ambiri amalidziwa ndi dzina la Radostits. Tachula mainawa kuti kholo likawamva lisadabwe. Sitinawachule kuti muthamangire kukagula.

Zifukwa zake ndi zitatu. Coyamba, mphunzitsi aliyense amapereka mndandanda wa mabuku ake phunziro likayamba, ndipo mayeso amatsata zimene iye waphunzitsa. Caciwiri, sukulu ya Samora Machel ili ndi laibulale yakeyake, ndipo buku limene mwana alifuna kwa miyezi yocepa atha kuliwerenga kumeneko. Cacitatu, ophunzira a m'makalasi a patsogolo amagulitsa kapena kubwereketsa mabuku ao kwa obwera kumene, ndipo ndi iwo amene angamuuze moona kuti ili tinalitsegula tsiku ndi tsiku, ili linangokhala pashelefu.

Ngati banja lili ndi mphamvu yogula buku limodzi lokha, lidikire kufikira mwana atafika m'caka caciwiri, ndipo buku limenelo likhale la kapangidwe ka thupi. Limeneli amalifuna pafupi nthawi zonse, ndipo adzabwerera kwa ilo ngakhale atayamba nchito. Ana awiri kapena atatu athanso kusonkha ndi kugula limodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

BUKU LAKALE KAPENA LATSOPANO?

Funso ili makolo amafunsa kawirikawiri, cifukwa buku losindikizidwa kale mtengo wake ndi wotsika. Yankho lake lidalira pa nkhani imene bukulo likunena. Mafupa a ng'ombe sanasinthe. Cifu cake cikali ndi zigawo zinayi monga cinaliri m'masiku a makolo athu. Conco buku la kapangidwe ka thupi la zaka 20 zapitazo likali lothandiza, malinga masamba ake ali onse ndipo zithunzi zikuoneka bwino.

Koma pa nkhani ya mankhwala, katemera ndi malamulo, buku lakale lingasokeretse mwana. Nkhupakupa zimazolowera mankhwala ena ndi kuleka kufa nao. Tizirombo tina timaleka kumva jekeseni imene kale inali kugwira nchito. Mankhwala ena amene kale anali ololedwa analetsedwa. Malangizo a masiku amene munthu ayenera kudikira asanamwe mkaka kapena kudya nyama ya ciweto cobayidwa jekeseni amasinthanso. Ngakhale malamulo a dziko lathu anasintha m'caka ca 2010, pamene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Animal Health Act ndi lina loyang'anira madokotala a ziweto ndi owathandiza. Buku lolembedwa cisanafike caka cimeneco silingakuuzeni za malamulo amenewo.

Cenjerani ndi mabuku ojambulidwa pa makina amene amagulitsidwa mochipa. Kupatula kuti ndi kuba nchito ya eni ake, kawirikawiri masamba ena amasowa, ndipo cithunzi cimene cinali ndi mitundu yosiyanitsa mitsempha ya magazi cimangoturuka cakuda bii. Musanapereke ndalama, tsegulani tsamba lakumbuyo kwa dzina la buku muone caka cimene linasindikizidwa, ndipo muwerenge mau oyamba kuti mudziwe amene analembedwera.

BUKU LINENE ZA MATENDA A M'KHOLA LATHU

Mabuku ambiri ochuka analembedwa ku Ulaya ndi ku America, kumene dokotala amathera nthawi yaikulu pa agalu, amphaka ndi akavalo. Sitikuwanyoza, pakuti mwana wathu adzaphunziranso zimenezo. Koma zimene zimaliza khola kuno ndi zina, ndipo mwana wofuna kudziwa ngati nchitoyi ndi yake ayambe kuwerenga za zimenezo.

Awerenge za cigodola ca ng'ombe, cimene anzathu a kucigawo ca kumwera amati denkete. Matendawa amafalitsidwa ndi nkhupakupa yofiirira imene imakonda kukhala m'makutu. Ng'ombe imatentha thupi, imatupa anabere m'munsi mwa khutu, imapuma mobanika, ndipo pomwalira imaturutsa thovu m'mphuno. Kacirombo kake kamachedwa Theileria parva, dzina lokumbukira Arnold Theiler amene anayambitsa malo ofufuzira matenda a ziweto a Onderstepoort ku South Africa. M'dziko lathu ana a ng'ombe amatetezedwa mwa kuwabaya kacirombo kamoyo pamodzi ndi mankhwala nthawi imodzi, ndipo mtundu wogwiritsidwa nchito kucigawo ca kum'mawa umachedwa Katete pamene wa kumwera umachedwa Chitongo. Zimenezi simudzazipeza m'buku la agalu a ku America.

Awerenge za kashembe ndi matenda a kaodzera, cifukwa boma lathu la Rufunsa lili pakati pa cigwa ca Luano ndi nkhalango ya Lower Zambezi, kumene nchenche imeneyi ipezeka. Awerenge za citopa, cimene ena amati cideru, cimene cimasesa nkhuku za mudzi wonse m'masiku ocepa, za cigodola ca nkhumba cimene cilibe mankhwala ociza, za zilonda za m'kamwa ndi m'ziboda, ndiponso za ciwewe. Asaiwale anthrax. Pofika pa 20 Novembala 2023, bungwe la World Health Organization linanena kuti anthu 684 m'dziko muno anali kuganiziridwa kuti atenga matendawa ndipo anayi anali atamwalira. Apa ndi pamene mwana amaona kuti dokotala wa ziweto amatetezanso moyo wa anthu.

Buku lalikulu la matenda a kuno kumwera kwa Africa ndi Infectious Diseases of Livestock, lokonzedwa ndi Coetzer ndi Tustin. Limeneli ndi la m'laibulale, si logula banja. Loyenera woyamba kumene ndi Where There Is No Vet lolembedwa ndi Bill Forse, limene linaturuka m'caka ca 1999. Cingerezi cake ndi cosavuta, lili ndi zithunzi zambiri, ndipo linalembedwera anthu a kumidzi monga ife. Kulinso MSD Veterinary Manual, buku limene linayamba kusindikizidwa m'caka ca 1955 ndi dzina la Merck, ndipo tsopano limawerengedwa mwaulere pa foni. Timabuku ta bungwe la FAO tonena za nkhuku, mbuzi ndi nkhupakupa natonso ndi taulere pa intaneti. Pomaliza, ofesi ya za ziweto paboma imakhala ndi timapepala ta malangizo. Mwana apite akapemphe mwaulemu.

MAU OVUTA ALI NDI KIYI YAKE

Cimene cinaopsa mtsikana uja ndi mau aatali amene sanawamvepo. Pano tili ndi umboni wathuwathu. Ife tinaphunzirako Cilatini ku seminale yaing'ono tili anyamata, ndipo tinali kudandaula kuti cinenero ca anthu akufa cidzatipindulira ciani. Tsiku limenelo, titatsegula buku la opareshoni lija, tinapeza kuti mau ambiri tikuwazindikira ngakhale sitinaphunzirepo udokotala.

Maina a ziwalo za nyama pa dziko lonse amalembedwa m'Cilatini, ndipo maina ambiri a matenda anacokera ku Cigiriki. Mau amenewa amamangidwa ndi zidutswa monga nyumba imangidwa ndi njerwa. Kacidutswa kakuti hepat kamanena za ciwindi, nephr za impso, cardi za mtima, derm za khungu, ndipo mast za bere. Liu likathera ndi itis, ndiye kuti ciwalo cimeneco catupa. Tsono mastitis ndi kutupa kwa bere la ng'ombe, kumene mayi aliyense wokama mkaka akudziwa bwino, ndipo hepatitis ndi kutupa kwa ciwindi. Mwana amene waloweza zidutswa zotere zokwana 100 asanalowe sukulu adzamva zimene mphunzitsi akunena pamene anzake akali kufunsana kalembedwe.

Pa nchito imeneyi safuna buku lodula. Afuna kope la masamba ambiri ndi dikishonale yabwino ya Cingerezi. Akapeza Black's Veterinary Dictionary yakale pa mtengo wotsika, imeneyo ndi yogula. Tsiku lililonse alembe mau asanu, tanthauzo lake, ndi dzina lake m'Cinyanja kapena m'Cisoli ngati lilipo. Pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Tionjezepo kuti mwana azolowere kuwerenga Cingerezi kwa nthawi yaitali osatopa, cifukwa ku yunivesiti adzapatsidwa masamba ambiri pa sabata. Nyuzipepala ithandiza. Nkhani za James Herriot, dokotala wa ziweto wa ku Yorkshire ku England, zithandizanso. Sadzakhoza nazo mayeso, koma zidzamuonetsa kuti nchitoyi ndi ya kudzutsidwa usiku, kuponda ndowe ndi kupirira eni ziweto ovuta.

KHOLA NALO NDI BUKU

Mwana wa ku Chinyunyu ali ndi mwayi umene mwana wa ku Kabulonga alibe. Iye anabadwira pafupi ndi khola. Amadziwa kugwira mbuzi, kuyandikira ng'ombe yaukali, ndi kuzindikira ciweto cimene cayamba kudwala cisanagone pansi. Cimene asowa ndi kulemba zimene aona.

M'kope lija akhale ndi cigawo ca khola. Alembe tsiku limene mbuzi yakweredwa ndi tsiku limene yaswa, aone ngati masiku afika pafupi ndi 150 monga mabuku anenera. Acite cimodzimodzi ndi nkhumba, imene imatenga masiku ngati 114, ndi nkhuku imene imaswa mazira pa masiku 21. Ng'ombe imatenga miyezi 9 ndi masiku ocepa. Alembe mwezi umene nkhupakupa ziculuka, mbali ya thupi imene zakhala, ndi maonekedwe ake. Mbuzi ikaphedwa pa ukwati kapena pa cikondwerero, asathamangire kukazinga ciwindi. Ayambe waona mapapo, mtima, impso ndi zigawo zinayi za cifu, ayerekeze ndi cithunzi ca m'buku, ndi kujambula m'kope.

Akhale pansi ndi agogo ake awafunse maina a matenda m'cinenero cathu, zizindikiro zake, ndi nyengo imene amabuka. Tsiku lina adzaimirira m'khola la munthu amene sadziwa Cilatini, ndipo adzafunika kumva zimene mwini ciweto akufotokoza. Apemphenso kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lathu kuti azimuperekeza pa tsiku la katemera kapena la dibi, ngakhale nchito yake ikhale yogwira cingwe cabe. Ngati fungo ndi magazi zimuthawitsa, ndi bwino adziwiretu tsopano banja lisanataye ndalama.

Koma pano tiike cenjezo lamphamvu. Ciweto cimene cafa mwadzidzidzi, makamaka ngati cikuturuka magazi osaundana m'mphuno, m'kamwa kapena kumbuyo, asacitumbule, asacisende, ndipo banja lisadye nyama yake. Imeneyo ingakhale anthrax, ndipo mbewu za kacirombo kake zimakhala m'nthaka zaka zambiri. Auzeni a za ziweto msanga. Asayandikirenso galu woganiziridwa ciwewe. Ndiponso kuwerenga buku limodzi sikusandutsa mwana kukhala dokotala. Makolo musayambe kumutuma kukabaya ng'ombe za anansi cifukwa wawerengako masamba angapo.

KHOMO SILIMODZI

Si mwana aliyense adzapeza malo pa digiri ya zaka 6, ndipo kumeneko si kutha kwa dziko. Ku Mazabuka kuli Zambia Institute of Animal Health, kumene kumaphunzitsidwa alangizi a ziweto, anthu amene ife a kumidzi timaonana nao kawirikawiri kuposa madokotala. Kuli Natural Resources Development College yophunzitsa za kawetedwe ka ziweto. Pafupi nafe m'boma la Chongwe pali Palabana, kumene kwa zaka zambiri kwaphunzitsidwa za ng'ombe za mkaka. Ubwino wa ndondomeko imene tafotokozayi ndi wakuti sayansi, kope la mau ndi kope la khola zidzamuthandiza kulikonse kumene angalowe. Buku lodula la caka cacisanu limathandiza pa khomo limodzi lokha, ndipo khomolo lingakhale losatseguka.

Zofunika polowa m'masukulu amenewa zimasintha, conco werengani cidziwitso ca caka cimeneco m'nyuzipepala kapena funsani kusukulu kwenikweniko, osati kwa munthu wapamsewu.

SUNGANI MBUZI, ZIDZAFUNIKA

Cilala ca 2024, cimene Boma linacilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinatikumbutsa kuti ciweto ndico banki ya munthu wa kumudzi. Mwana akaitanidwa ku yunivesiti padzafunika ndalama za ulendo, malo ogona, cakudya, malaya oyera a m'labu, ovolosi ndi majombo. Ngongole ya ophunzira ya bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board siperekedwa kwa aliyense wopempha, ndipo ngakhale woilandira amafunabe thandizo la kunyumba. Mbuzi yogulitsidwa lero cifukwa ca buku losafunika idzasowa pa tsiku limenelo.

Ngati ndalama yocepa ilipo tsopano, igwire nchito pa zinthu izi: makope, dikishonale, kanyale ka sola kowerengera usiku, ndi mabando otengera mabuku aulere aja. Ikatsalako, mulipireni mwana basi apite ku Lusaka akaone sukuluyo ndi maso, akalankhule ndi ophunzira amene ali kumeneko.

Tipemphenso mafumu athu, makhansala ndi makomiti a makolo m'masukulu kuti aganizire za shelefu imodzi ya mabuku a sayansi ndi a ziweto pa sekondale iliyonse. Ana athu amene anatsiriza maphunziro ndipo ali pa nchito m'matauni, mabuku anu amene akungodya fumbi m'makatoni atumizeni kwanu. Buku limodzi pa shelefu ya sukulu lidzawerengedwa ndi ana ambiri, pamene m'nyumba ya munthu mmodzi limangodikira ciswe.

Za mayi uja, tinawauza zoona ngakhale zinali zowawa. Anakhala cete kanthawi, kenaka anati: "Cabwino a Katekisiti, mbuzi zapita, koma mwana asapite nazo." Bukulo silinabwezedwe, pakuti wogulitsayo sanapezekenso pamalo paja. Tinalikulunga m'pulasitiki ndi kuliika pamwamba, ndipo mtsikanayo tinamupatsa kope latsopano. Pa tsamba loyamba analemba mau asanu a Cigiriki, pa laciwiri analemba tsiku limene mbuzi yao yotsala inakweredwa. Masiku ano amabwera Loweruka lililonse kudzationetsa zimene walemba, ndipo sabata yatha anatikonza pamene tinasokoneza dzina la cigawo cacitatu ca cifu ndi lacinayi. Ife tinavomera kuti talakwa, ndipo tinakondwera.